Tiwaombere m'manja a Carex pensylvanica

Alendo amathamangira ku California kukaona mitengo italiitali, koma palibe amene anaimikapo galimoto kuti alonjere a Carex pensylvanica. Kusayamika kumeneku kwanyanya. Inde, bambowa ndi afupi, kawirikawiri sapitirira masentimita 30, ndipo wodutsa amangoti ndi udzu. Udzu? Pepani. Gwirani tsinde lawo, mulipotokole ndi zala, mumva makona atatu. Iwowa ndi a banja la Cyperaceae, abale ake a gumbwa komanso a dawe uja wotilemetsa khasu m'dimba.

Dziko lawo ndi lalikulu kuposa la mfumu iliyonse imene tikuidziwa. Akhazikika kuyambira ku Quebec ndi Ontario, kutsika ndi mapiri a Appalachian mpaka ku Georgia, n'kufika kumadzulo ku Minnesota ndi Manitoba. Amakonda nthaka youma, pamthunzi wa mitengo ya oak. Dzina anawapatsa ndi Lamarck wa ku France mu 1792, munthu wotchuka ndithu, osati wongotola m'njira.

Koma ulemerero wawo weniweni uli pa kudzichepetsa. Mtundu wa Carex uli ndi mamembala pafupifupi 480 ku United States ndi Canada, ndipo ambiri nkhope n'zofanana. Wofuna kuwazindikira bambo athuwa ayenera kugwada kaye, mphuno pafupi ndi dothi, kagalasi kokulitsa zinthu kali m'manja. Ndi chomera chiti china chimagwaditsa mapulofesa? Akagwada, amafufuza kathumba kaubweya kokuta njere, kotchedwa perigynium, n'kuyeza kamlomo kake. Kakakhala kafupi, kosakwana milimita imodzi, ndi iwowo. Kakatalikirapo pang'ono, mwalonjera msuweni wawo, a Carex lucorum, ndipo mwachita manyazi. Komanso mayesowa sachitika nthawi zonse: maluwa amatuluka cha mu Epulo ndi Meyi, njere sizichedwa kuyoyoka, ndipo wobwera mochedwa amauzidwa kuti adzayesenso chaka chamawa. Maofesi ambiri angaphunzirepo kanthu pamenepa, ngakhale ena anaphunzira kale.

Nanga luso lawo pa ndale! M'nkhalango za kumpoto, monga za ku Minnesota, munalibe nyongolotsi chichokereni madzi oundana amene anakuta dzikolo kalekale. Nyongolotsi za ku Ulaya zinafika ndi atsamunda, zina zikutayidwa ndi asodzi otsala ndi nyambo, ndipo zinadya masamba owolerana amene maluwa a m'nkhalango ankadalira. Agwape, amene achuluka kwambiri, anamaliza zotsalazo. A Carex pensylvanica sanalire maliro. Agwape sawakonda kwenikweni, nyongolotsi siziwadetsa nkhawa, choncho anangotambasula mizu yawo yoyanga pansi n'kulowa m'malo onse a amasiye. Akatswiri a zankhalango amadandaula kuti mbande za mitengo ya maple zimavutika kumera pamene iwowa ayala mphasa yawo. Imeneyo ndi nsanje chabe. Kuyambira liti wolowa chuma kufunsidwa kuti mwini wake anafa bwanji?

Tsopano afika mpaka m'tauni. Ogulitsa mbande ku America amawaika m'timiphika, n'kumauza eni nyumba kuti awa ndi kapinga wosafuna kuthirira kawirikawiri kapena kutchetcha sabata iliyonse. Anthu akutulutsa madola kugula chomera chimene sangathe kuchisiyanitsa ndi msuweni wake, ndipo akabwerera nacho kunyumba amayamba okha kugwada pochibzala.