Chikomekome cha Buluku

Nkhuyu yakupsa imanyenga. Imafiira bwino, imanunkhira patali, ndipo mwana wokulira m'tauni akaipeza pansi pa mtengo amangotola n'kuponya m'kamwa. Wa kumudzi amayamba waing'amba pakati, n'kuuzira, n'kusuzumira, chifukwa agogo ake anamuuza kalekale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndine wa kumudzi, cha ku Kamwendo kuno ku Mchinji, ndipo mwambiwu ndinautanthauzira bwino ndili Sitandade 8 mpaka aphunzitsi anauza kalasi yonse kuti indiombere m'manja. Koma kudziwa mwambi m'kalasi n'kwina, kuukumbukira uli pamsika, ndalama ya mtedza ikukuyabwa m'manja, n'kwinanso.

Linali tsiku la msika. Pamwamba pa milu ya kaunjika, pa hang'ala yakeyake, panalendewera buluku la mtundu wa tsamba la fodya wongoyamba kuuma. Matumba 9: awiri m'mbali, awiri kumbuyo, awiri m'ntchafu, awiri pansi pa mawondo, ndi kena kobisika m'chiuno kamene mwina n'kosungiramo mchere. Pamwamba pa bondo lililonse panali zipi yozungulira, kuti dzuwa likakula ungomasula miyendo, buluku n'kusanduka kabudula.

"Bigi, limeneli si la aliyense," anatero mnyamata wogulitsa, akulisisita ngati ng'ombe ya chiwongo. "Ndi la azungu okwera mapiri. Orijino. Lalowa dzulo kuchokera ku Chipata. Minga imachita kulipatukira."

Ife a m'malire tili ndi nthenda imodzi: chinthu chikangomveka kuti chadutsa pa chipata cha Mwami, timachiona ngati chabatizidwa. Anzathu a kutsidya kaunjika wawo amamutcha salaula, ndipo ndikhulupirira kuti kumenekonso kuli mnyamata wina wolumbira kuti katundu wake walowa dzulo kuchokera ku Lilongwe. Ndinapereka ndalama ya ndowa zitatu za mtedza woswa. Sindinalitembenuze. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu akalimba mtima kugula chinthu chodula safunanso kumva zoipa zake, ngakhale wonenayo akhale maso ake omwe.

Kunena zoona, mabuluku enieni oyendera m'tchire aliko. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasiya nyumba zamagetsi, kulipira ndalama, n'kupita kukagona m'nkhalango kuti akaphunzire kupeka moto, kusenda luzi, kumanga msasa ndi kusema chipande. Amati bushcraft. Malume anga achita zimenezi moyo wawo wonse popanda wowapatsa satifiketi, ndipo iwo amazitcha umphawi. Anthu amenewa ali ndi zovala zawozawo. Kampani ya ku Sweden yotchedwa Fjällräven, imene Åke Nordin anaiyambitsa mu 1960, imasoka mabuluku ndi nsalu yolukidwa mothinana, magawo 65 pa 100 poliyesitala, 35 thonje. Mwini buluku amalipaka phula la njuchi losakaniza ndi la makandulo, n'kulisita kuti phulalo lilowerere, mame ndi mvula yowaza zizingotsetsereka. Ife tinkangodziwa kuti safunsa anadya phula. Wofunsa, taonani, anapaka pa buluku. Ena amasoka ndi nsalu ya ripstop, imene inayambira pa maparachuti nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amalukiramo ulusi wokhuthala m'litali ndi m'lifupi, timabokosi timabokosi, kuti munga ukaboola, kung'ambikako kukaime pa ulusi wotsatira. Langa lija linali nato timabokositi. Ndinachita kutiwerenga ndi chala.

Malume ali ndi ming'oma ya njuchi m'mphepete mwa nkhalango ya Mchinji, imene boma la atsamunda linaiteteza mu 1924, kumapiri kumene mtsinje wa Bua umayambira ulendo wake wa ku Nkhotakota. Alinso ndi buluku limodzi la kutchire. Ndi la kaki, nsalu ya David Whitehead ya ku Blantyre, ndipo amati analisoketsa chaka cha chilala cha 1992. Ndikuti "amati" chifukwa pa bawo pamabuka mkangano ngati lilidi lomwelo. Mawondo anasinthidwa kanayi. Mwendo wa kumanzere, kuyambira pa katumba kutsika, unali wa jinzi ya mwana wawo. Matumba ndi a nsalu ya matilesi. M'kati, cha kumatako, akazi awo akhala akukutiramo zidutswa za nsalu za zipani, chisankho chilichonse chidutswa chake kuyambira 1994, moti mgwirizano umene umakanika ku Nyumba ya Malamulo unatheka pamenepo, ndipo malume amaukhalira tsiku ndi tsiku. Cha 1992 chenicheni chimene chatsala ndi batani limodzi ndi fungo la utsi.

Mawu oti kaki anachokera ku India, ndipo amatanthauza mtundu wa fumbi. Kuno anabwera nayo asilikali a atsamunda, omwe aja anamanga linga la Fort Manning atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, dzina limene boma lathu lino linkadziwika nalo lisanatchedwe Mchinji. Anasankha mtunduwo kuti msilikali asaonekere patali. Ndiye kuti kaki ndi nsalu imene inabadwa itakana kale chikomekome.

Ine ndi malume tinanyamuka kupita ku ming'oma ija m'bandakucha mwezi wa Meyi, udzu utatalika, mame ali mbwee. Malume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Muphwa, kodi tikupita ku njuchi kapena kokafunsira mbeta?"

Poyamba buluku linagwira ntchito yake yeniyeni, ndiyo kuoneka. Ndinaima pa mwala, dzanja limodzi m'thumba lachisanu, malume n'kundijambula monyinyirika, ndipo netiweki isanathawe anzanga a pa WhatsApp anali atavomereza kale kuti ndatchena. Kenako chisoso chinayamba kukwera matola. Pa kaki wa malume, woterera ndi zaka, sichinkapeza pogwira. Pa ine chinapeza zivindikiro za matumba, timalamba ndi tizingwe. Dzuwa litakwera tinakoleza moto wootcha mbatata. Mbaliwali inagwera pa bondo la malume, iwo n'kungoikutumula ngati ntchentche. Ina inagwera pa langa, ndipo pomwepo panabooka kabowo kozungulira bwino, m'mbali mwake mouma gwa ngati jumbo yopsa. Thonje limanyeka pang'onopang'ono, limakupatsa mpata woti uzime. Nayiloni imasungunuka n'kukumata pakhungu.

Tsoka lenileni linandidikira pa kakhwawa. Malume, ndi zaka zawozo, anangoti mwendo tambasu, ali kutsidya. Ine ndinabwerera m'mbuyo, kuthamanga, n'kudumpha monga achitira a pa kanema. Ndili m'malere ndinamva kwee! Msoko wa pakati unamasuka kuyambira pa zipi mpaka pa lamba wa kumbuyo. Malire a dziko lino ndi Zambia amatsata msana wa mapiri omwewa, ndipo pa Mwami atsogoleri awiri, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, anatsegula mu Disembala 2022 chipata choti wapaulendo aziima kamodzi kokha. Changa chinaposa pamenepo: chosaima n'komwe, chopanda chiphaso, chopanda msonkho. Apaulendo nawo anali pafupi, popeza ndinatera pakati penipeni pa mzere wa linthumbu.

Amene sanalumidwepo ndi linthumbu sadziwa kuti ndi gulu la mwambo. Sililuma pofika. Limakwera mwakachetechete, kugawana malo, aliyense pa udindo wake, kenako wina amaimba likhweru n'kuyamba onse pamodzi. Matumba 9 aja anasanduka nyumba za lendi, ndipo kobisika kaja ndi kamene kanadzaza koyamba. Ndinakumbukira zipi za pa mawondo. Ya kumanzere inayenda theka n'kuluma nsalu. Ya kumanja kachogwirira kake kanatsalira m'manja mwanga. Ndinavina ingoma yopanda chishango, fumbi koboo, mpaka ndinalivula lonse n'kuliponya pa chitsamba.

Malume sanaseke msanga. Analitola ndi kamtengo, kuliyang'ana kunja, kulisuzumira m'kati, n'kunena mofatsa ngati akuwerenga kalata ya maliro: "Muphwa, muli nyerere."

Pobwerera tinakumana ndi amayi atatu atasenza nkhuni. Ine ndinathawira kuseri kwa mtengo wa msuku, umene, monga mudziwa, si mlambe. Wachikulire mwa iwo anatula mtolo, kumasula chitenje chapamwamba, n'kundiponyera nkhope atalozetsa kumbali.

"Valani bambo, mudzabweza. Ana athu nawonso amagula zoterezi."

Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mabuluku, ndipo linakhalapo mpaka 1993. Zaka 20 dziko likuopa kuti mkazi akavala buluku ulemu uthawa m'mudzi. Tsiku limenelo ulemu wa mwamuna wa buluku unapulumukira m'chitenje, ndipo wamng'ono mwa amayiwo, amene ankaseka mpaka nkhuni kugwedezeka, anali atavala jinzi m'kati mwa chake. Ndinatsika phiri ndikuphunzira kuyenda timasitepe tating'ono.

M'mawa mwake ndinalitengera kwa atelala a pa khonde la sitolo, a makina opalasa ndi phazi, omwe akhala akuchiza buluku la malume zaka zonsezi. Choyamba chimene anachita ndi chimene ine ndinachilumpha: analitembenuza. M'kati munali mzere umodzi wokha wa ulusi wopyapyala, wosokedwa motalikitsa ngati munthu wothamangira basi, m'mphepete mwa nsalu mosapinda. Anakanda timabokosi tija ndi chikhadabo, ndipo tinafufutika.

"Si ulusi uwu achimwene, ndi utoto."

Kenako anandipatsa phunziro limene sindinalipire. Buluku, anatero, limafera malo anayi: pamphechepeche, pamatako, pa mawondo ndi pakamwa pa thumba. Akangoliona amadziwa ntchito ya mwini wake. La wakabaza limayamba kuwala kumatako lisanabooke. La mlimi wa fodya limatha m'mawondo. La mphunzitsi limafera pa thumba la choko. Lofuna kukhalitsa liyenera kukhala ndi msoko wopinda, nsalu ziwiri zitakumbatirana, wodutsidwa mizere iwiri kapena itatu, ndi chigamba cha ngodya zinayi pamphechepeche kuti mwendo ukatambasuka nsalu ipeze kopita. Likhale lotakasuka, osati lothina ngati soseji. Ukachapa, usalimenyetse pa mwala ngati lakubera nkhuku, ndipo uliyanike chotembenuza, chifukwa dzuwa limadya nayiloni mosaonetsa. Kabowo kakaoneka lero, kasokedwe lero.

"Nanga matumba onsewa?" ndinafunsa.

"Thumba lililonse ndi khomo la imfa. Zipi iliyonse ndi mlandu wodikira tsiku."

Sanali kunena zachilendo. Jinzi imene achinyamata amaing'amba dala m'mawondo masiku ano inayamba ndi telala ngati yemweyu, Jacob Davis wa ku Reno ku America, amene anaona kuti matumba a anthu ogwira ntchito zolemetsa amang'ambikira m'makona, n'kuyamba kukhomeramo timisomali ta kopa. Mu 1873 iye ndi Levi Strauss analembetsa nzeruyo kuboma. Timisomali ta pa langa tinali tomata ndi guluu, ndipo tiwiri tinatsala ku khwawa.

Chimene chavuta masiku ano n'chakuti nkhuyu zambiri timazionera pa galasi la foni, pamene sungaing'ambe pakati kapena kuuzira. Buluku, puloti, galimoto yoitanitsa kunja, mkamwini wa ku Joni, ngakhale mneneri, zonse zimafika zitajambulidwa mbali yakupsa. Ine amene ndikudandaulane, chithunzi changa cha pa mwala chija sindinachichotse. Chilipobe, ndipo anthu awiri andifunsa kale kumene ndinagula.

Odziwa za mitengo amati tizilombo timene timapezeka mu nkhuyu kawirikawiri ndi timavu ting'onoting'ono, timene timalowera pa kabowo ka kunsonga kukaikira mazira, ndipo ndi tomwe timanyamula mungu. Popanda timavuto mkuyu sungabale mbewu yomera. Ndinawafotokozera malume zimenezi pofuna kudzitonthoza kuti mwina linthumbu lija linali ndi ntchito ina yabwino m'buluku mwanga. Iwo anavomera kuti inalipo: mdzukulu wa Angoni anakumbutsidwa ingoma.

Msika wotsatira ndinampeza mnyamata uja atapachika lina, la matumba 12. Ndinalitsitsa, kulitembenuza, kukoka msoko, kukanda timabokosi, kuliloza kudzuwa.

"Bigi," anatero akulilanda, "kodi mwayamba ntchito ya kasitomu pa Mwami?"

Chitenje ndinabweza chochapa, ndi paketi ya shuga pamwamba. Buluku lija atelala anakana kuliukitsa, akuti ulusi wawo ndi wodula kuposa nsaluyo. Malume analipempha. Ndinayesa akufuna chopukutira njinga, koma Lamlungu lapitali ndinawapeza pa bawo, pa ntchafu ya kaki wa 1992 pali thumba lobiriwira la chivindikiro, losokedwa mizere itatu, kafoni kawo ka mabatani kali m'kati. Mkangano woti kodi ndi buluku lomwelo unali utayambiranso, ndipo iwo ankangotakata nkhomo zawo, kwinaku akuuza aliyense wofunsa kuti thumbalo ndi orijino, linalowera pa Mwami.