Fodya wa Pachala

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ankanena za fodya wonunkhiza, koma ine ndimaona ngati ankalosera za foni. Masiku ano zokoma zonse zili pachala: ungoseresa chala pagalasi, nkhuku zootcha n'kumadutsa, iwe uli ndi nsima ya mpiru.

Mwana wa mlongo wanga atabwera kuno ku Bembeke mwezi wa June, adandiloza pa YouTube chinthu chofiira chonjenjemera m'mbale.

"Amalume, iyi ndi jele ya cranberry. Ku America amadyera nkhukundembo pa Thanksgiving, mu November."

Zipatsozo akuti zimalimidwa m'madambo a ku Wisconsin ndi Massachusetts. Tidakazifunsa pamsika wa pa Dedza boma. Mayi wina wogulitsa kachewere adatiyang'ana mwachifundo, n'kufunsa ngati ndi mankhwala a BP.

Titabwerera, amayi anga adasuzumira pafonipo, maso ali tsinzitsinzi.

"Chofiira, chowawasa? Si chidede chimenechi?"

Chidedetu chinali kuseri kwa khitchini, chomwe chija timachinyoza pa ndiwo za nsinjiro. Ndipo amayi sadaphonye: ku Florida azungu amachitchula kuti Florida cranberry. Fodya adali pamphuno nthawi yonseyi, ife tikuthera mayunitsi.

Tidasenda makoko ofiirawo. Timipira ta njere tam'kati tidatiwiritsa patokha, poti ndi momwe muli chinthu cholimbitsa jele chija amati pectin. Madzi ake tidasefera pamakoko, n'kuthira shuga, anyezi, mchere, viniga pang'ono ndi kambuzi mmodzi. Wachiwiri ndidamuponyamo mobisa. Malume amene saika dzanja mumphika amaoneka wopanda ntchito.

Kanema uja adati tiyese kulimba kwake pambale yochokera mufiriji. Firiji ku Dedza mu June? Tidangoika mbale pakhonde, mphepo yochokera kuphiri n'kugwira ntchito yake, ulere. Dontho lidachita makwinya titalikankha ndi chala.

Madzulo tidadyera nyama ya nkhumba ndi kachewere wokazinga. Mwana wa mlongo wanga uja adayamba ndi kujambula, netiweki n'kukana kutumiza chithunzicho; adakwera pachulu, dzanja m'mwamba, chakudya chikuzizira. Amayi adalawa, nakwinya nkhope, nalawanso.

"Ndiwo yothira shuga, ndiye kuti chiyani?" adatero, uku akukokera mbale ija kufupi ndi bondo lawo.