Kaundula wa Gitala ya Mwana, 2024

Tsamba ili lili m'buku la ndalama za pakhomo pano, pakati pa tsamba la fetereza ndi la fizi. Ndalama zonse ndi makwacha, kupatula pamene ndalemba kuti madola. Woyimba gitala ndi mwana wathu wamkazi, wachisamba. Olipira ndife, ine ndi mayi ake. Tsambali ndinalitsegula kuti litithandize kugamula nkhani imodzi: kukonza gitala yotchipa, kapena kusunga ndalama mpaka zikwane yodula.

Januwale. Gitala ya magetsi, yoti wina anayimbapo kale, dzina lake losadziwika: K150,000.

Tinagula kwa mnyamata amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kapangidwe kake nkotengera Stratocaster, imene kampani ya Fender inatulutsa ku California mu 1954. Mwini kampaniyo, Leo Fender, anayamba ndi shopu yokonza mawailesi, ndipo popanga gitala anaganizira munthu wodzaikonza. Khosi limagwirana ndi thupi ndi masikuluwu anayi basi. Mapikapu, switchi ndi zotembenuza za voliyumu zonse zili pa mbale imodzi ya pulasitiki, yomasula ndi sikuludiraiva. Mafakitale ambiri a ku Asia anatengera kapangidwe komweko, n'chifukwa chake gitala ya mtundu uwu, ngakhale yotchipa, imalola kuikonza chiwalo ndi chiwalo.

Ndisanapereke ndalama ndinayang'ana khosi nditatsinzina diso limodzi, monga achitira kalipentala ndi thabwa. Linali lopindikira kutsogolo pang'ono, koma losapotoka. Kupindika kumawongoka, pakuti m'kati mwa khosi muli chitsulo chachitali, truss rod, chimene ukachimanga ndi alenikiyi chimabweza khosi kumbuyo. Kupotoka ndi matenda ena, osachira ndi ndalama za nyumba ngati yathu. Khosilo likanakhala lopotoka, kapena chitsulocho chikanakana kuzungulira, sindikanagula ngakhale pa theka la mtengo, ndipo zonse zolembedwa m'munsimu zikanakhala kutaya ndalama.

Januwale yemweyo. Nsambo zatsopano, za 9 mpaka 42: K12,000, chifukwa zimene inabwera nazo zinali dzimbiri lokhalokha. Chingwe chopita ku ampu: K10,000. Chikwama: K25,000, poti gitala yokwera minibasi pamtunda imathyoka makiyi. Izi ndazilemba ndi inki yofiira. Inki yofiira ikutanthauza kuti tikanazigulabe ngakhale gitala ikanakhala ya miliyoni, choncho siziwerengedwa pa mlandu wa yotchipa ndi yodula.

Febuluwale. Mmisiri, kuikhazika gitala bwino: K20,000.

Mmisiriyu ndi bambo wokonza maampu ndi mawailesi kumsika, amenenso amayimba besi kutchalitchi kwawo. Madandaulo a mwana anali awiri. Zala zinkapweteka chifukwa nsambo zinali patali ndi mafreti. Chachiwiri, akachuna bwinobwino n'kukwera kumtunda kwa khosi, mawu ake ankasemphana ndi kiyibodi, ndipo anzake m'kwaya ankamucheukira. Mmisiri anamanga truss rod pang'ono, osakwana theka la mzunguliro, nkuisiya gitala igone kuti thabwa likhazikike. Mawa lake anatsitsa nsambo pa buliji mpaka mpata wa pa freti ya 12 unatsala mamilimita awiri ku nsambo yaikulu. Kenako anachita chimene ambiri ogula magitala sadziwa kuti chimachitika. Nsambo ya Stratocaster, kuchokera pa nati kufika pa buliji, ndi mamilimita 648, ndipo freti ya 12 ili pakati penipeni. Ukadina pamenepo, liwu liyenera kukhala lomwe lija la nsambo yosadina, lokwera ndi okitevu imodzi ndendende. Likapitirira, umabweza kachitsulo ka pa buliji kumbuyo kuti nsambo italike. Likaperewera, umakakankhira kutsogolo. Anachita zimenezi nsambo iliyonse payokha, mwana akuyang'ana, ndipo ndinamupempha kuti asafulumire.

Izi nzofunika kwambiri pa nyimbo zimene mwanayu amayimba. Kutchalitchi kwathu lidi imayenda m'njira ya ku Balaka, ija anaikhazikitsa a Paul Banda ndi Alleluya Band, ndipo kumaukwati anthu amafunanso sungura ya ku Zimbabwe. Zonsezi zimayimbidwa ndi mawu oyera, kumtunda kwa khosi, popanda phokoso lobisa cholakwika. Gitala ikanama pa freti ya 12, ngakhale agogo okhala kumbuyo amamva.

Pa ndalama zonse za patsamba lino, K20,000 iyi ndiyo inagula zambiri. Gitala yodula nayonso ikanafuna ntchito yomweyi, chifukwa khosi ndi mtengo: limasuntha ndi chinyezi cha dzinja, limasunthanso ndi kuuma kwa Okutobala.

Malichi. Nati yatsopano ya fupa: K8,000. Kupala mafreti: K15,000. Pensulo: tinali nayo kale.

Nati ndi kachidutswa koyera kamene nsambo zimadutsapo zisanafike ku makiyi. Ya pulasitiki imene inalipo inali ndi mipata yothina, yoluma nsambo. Mwana akakoka nsambo poyimba, inkakanirira mumpatamo osabwerera pamalo pake, ndipo pochuna ankamva kuti tii, liwu nkulumpha. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kugula makiyi, pamene wolakwa ndi nati. Mmisiri anatenga fupa la mwendo wa ng'ombe kubutchala, analiwiritsa kuti mafuta achoke, analiumitsa, nkulisema ndi tupa. M'mipata timapakamo mtovu wa pensulo nthawi iliyonse tikasintha nsambo. Mafreti atatu anali otumphuka ndipo ankaliza nsambo kuti zii. Nsonga za ena zinkakanda chala. Anawalinganiza onse.

Epulo. Jeki, pobayira chingwe: K5,000 pamodzi ndi kuwotcherera. Switchi ya magawo asanu: K9,000. Yakaleyo inkadula mawu pakati pa nyimbo. Apa mpamene fakitale ya gitala yotchipa imapulumutsira ndalama, pa tizitsulo tosaoneka, ndipo mpamenenso kukonza kumatchipa. Nsambo zina, inki yofiira: K12,000.

Meyi. Pepala la aluminiyamu ndi zomatira, kuyala m'phanga la mawaya: K4,000.

Mapikapu a Stratocaster ndi a koyilo imodzi, ndipo amatola phokoso la magetsi a m'nyumba. Magetsi athu kuno amagunda ka 50 pa sekondi, ndiye ng'ooo amene mumamva pa sipika woyimba asanayambe. Ndi vuto lakale; m'zaka za m'ma 1950 Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anapanga humbucker, pikapu ya makoyilo awiri ofafanizirana phokoso, kuti athane nalo. Aluminiyamu wachotsa kuthetheka kochokera ku mababu ndi machaja, koma ng'ooo uja wangochepa, sanathe. Mmisiri anamuonetsa mwana kuti switchi ikakhala pa gawo lachiwiri kapena lachinayi, mapikapu awiri amagwira limodzi ndipo phokoso limazilala. Anayezanso soketi ya kutchalitchi nkupeza kuti ilibe waya wa pansi. Zimenezo ndinazipereka kwa akuluampingo, pakuti pamenepo nkhani si ya phokoso lokha ayi: mwana wogwira nsambo zachitsulo ndi maikolofoni nthawi imodzi akhoza kugwidwa ndi magetsi. Fender ya ku America ikanalira chimodzimodzi pa soketi imeneyo.

Juni. Makiyi asanu ndi amodzi, ogula ku Joni: K40,000. Wotibweretsera pa basi: K9,000. Awiri mwa akale anali atalekerera, ukapotokola amangozungulira. Tisanatumize ndalama mmisiri anayeza mabowo, mamilimita 10, chifukwa zipangizo za magitala sizigwirizana zonse: za ku Asia zimayezedwa m'mamilimita, zambiri za ku America m'mainchi, ndipo chitsulo chodula chosalowa pabowo chimangokhala m'kabati. Makiyi akale ndawasunga m'chitini.

Julayi. Palibe chinatuluka. Panali kukambirana.

Mwana anati, "Ababa, mawu ake ndi owonda. Anzanga akuti ndisinthe mapikapu." Mayi ake anati, "Bambo, mwezi ndi mwezi gitala yomweyi? Bwanji osangogula yeniyeni kamodzi n'kamodzi?" Onse awiri anali ndi mfundo, ndiye ndinatenga pensulo nkulemba zimene sitinagule, ndi mitengo yake.

Mapikapu atatu a dzina, monga Seymour Duncan kapena DiMarzio: madola 200 kapena kuposa. Yamaha Pacifica 112, gitala ya mtengo wapakati imene aphunzitsi ambiri amaikhulupirira: madola 300 ndi china. Fender Player Stratocaster, yopangidwa ku Ensenada m'dziko la Mexico: cha m'ma madola 800. Iyi inali mitengo ya kunja mu 2024, katundu asanakwere ndege kapena basi, msonkho wa pachipata usanalipidwe. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 dola kubanki inali cha m'ma K1,750, kwa amene waipeza pamtengo umenewo. Ndiye mapikapu ndi K350,000, Yamaha ndi pafupifupi K550,000, Fender ndi K1,400,000. Thumba la chimanga mwezi uno tagula K40,000. Fender ndi matumba 35.

Kufika Julayi, gitala yathu ndi zokonza zake zonse, kuchotsa za inki yofiira, inali itadya K260,000. Ndalama zimenezi zagula gitala yochunika, yofewa m'zala, yosadula mawu. Kuwonjezera mapikapu kukanafikitsa pa K610,000, kupitirira mtengo wa Yamaha yatsopano, thupi ndi buliji zikadali za gitala yopanda dzina. Malire a kukonza ali pamenepo. Chimene chimakhudza nsambo ndi chala, ndiponso chimene chimadula mawu, nchoyenera kukonza, ndipo nchotchipa. Ukadutsa pamenepo wayamba kugula gitala yodula pang'onopang'ono, pamtengo woipa.

Mfundo ya mayi ake nayo ndinailemba monga momwe ilili. Ndinamufunsa mmisiri kuti gitala yathu titaigulitsa lero ingapite pa zingati. Anati, "Madala, mukapeza K180,000 mwachita mwayi. Wogula amawerenga dzina la pamutu, sawerenga nati." Kutanthauza kuti K80,000 mwa zimene taikamo sizidzabwerera. Fender imasunga mtengo wake, ndipo kwacha ikamagwa, gitala yotero m'nyumba ndi chuma. Mafreti ake amabwera osalala, zitsulo zake zimakhalitsa. Kwa munthu amene gitala ndiyo khasu lake, woyimba usiku ndi usiku ndi kujambula m'situdiyo, kugula yodula ndi nzeru, ndipo sindingamutsutse. Koma mwana wathu akadali pasukulu, ndipo K1,400,000 kuti ikwane, akanakhala zaka osagwira gitala, zaka zomwe zala zimaphunzira msanga. Brian May wa gulu la Queen anapanga gitala yake ndi bambo ake kuyambira mu 1963, khosi lake analisema ku thabwa lakale la pamalo owothera moto, ndipo ndi yomweyo wayimbira moyo wake wonse. Kunonso ambiri amene timawamva pa wailesi anayambira pa banjo ya chigubu, ya nsambo za waya wa mabuleki a njinga.

Za mawu owonda, mmisiri anatiuza kuti tibwere ndi gitala kushopu. Anakweza mapikapu pang'ono ndi sikuludiraiva kuti ayandikire nsambo, nkuibaya pa ampu yabwino ya kasitomala wina imene anali atangomaliza kukonza. Mwana anayimba, nkukhala chete, nkuyimbanso. Mawu anali odzaza. Chowondetsa mawu chinali kaampu kakang'ono kobwereka kamene amaphunzirira kunyumba, ka sipika yochepa ngati chikhatho. Kukweza mapikapu sanatilipiritse.

Okutobala. Nsambo, inki yofiira: K12,000. Khosi linasuntha ndi kutentha. Mwana anatenga alenikiyi nkuliwongola yekha, nayezanso freti ya 12 nsambo iliyonse. Malipiro a mmisiri: palibe. Mzere uwu ndimauwerengera kumbali ya zolowa, chifukwa gitala ya K1,400,000 sindikanamulola kuimasula, ndipo sakanaphunzira.

Minibasi yopita kwa mmisiri chaka chonse, inki yofiira: K9,000.

Zolowa. Kutchalitchi salipidwa, ndipo sitiyembekezera kutero. Kumaukwati ndi kuchinkhoswe, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala: K60,000. Ndalamayi ndi yake. Ili m'envelopu, ndipo ndailemba pano kuti pakhale umboni.

Disembala. Kuwonkhetsa. Gitala: K150,000. Zokonza: K110,000. Za inki yofiira: K80,000. Zonse pamodzi: K340,000.

Chigamulo cha nyumba ino, chogwirizana anthu atatu. Gitala iyi ikhala, ndipo sitiikamonso chitsulo china pokhapokha chitathyoka. Mapikapu sagulidwa. K60,000 ya m'envelopu ndi chiyambi cha ndalama ya ampu, ndipo ife tiziwonjezerapo K10,000 pamwezi kuyambira Januwale. Nkhani ya gitala yodula idzatsegulidwanso akamaliza Fomu 4, ngati zolowa za kumaukwati zidzafike pokwanira theka la mtengo wake. Kwa kholo lina limene mwana wake akupempha gitala ya magetsi, langizo langa ndi ili: pitani ndi mmisiri pokagula, ayang'ane khosi musanatulutse ndalama, ndipo musunge K20,000 yake ya kuikhazika bwino musanaganize zogula china chilichonse.