Njinga Yomanga Mapazi

Randburg, Joni

Achimwene,

Kuno tilipo, kungoti chisanu cha June chikulowa mpaka m'mafupa.

Ndamva zoti njinga imene abwana andipatsa ija nditumize kuti muyambire kabaza pa Boma. Nditumiza, koma mumve kaye za mapedulo ake. Ndi tizitsulo ting'onoting'ono, ndipo patapata wanu uja sangakhalepo. Pamafunika nsapato yakeyake yokhala ndi kachitsulo kunsi. Ukaponda kumamveka kuti "kwa!", basi ukwati watheka, iwe ndi njinga, popanda ankhoswe. Kuti ukwatiwo uthe umayenera kupotolera chidendene kunja.

Abwana amati phazi silitsetsereka, komanso pamtunda mwendo umakoka m'malo momangokankha. Apo sakunama, chitunda chopita ku Namwera chija mutha kuchikwera osatsika. Iwo amapikisana nawo pa 947 Ride Joburg, ulendo wa pafupifupi makilomita 100, kuposa kuchoka pa Boma kukafika ku Monkey Bay. Ndipo pofika sapatsidwa kanthu ndi pasinjala ayi, amachita kulipira okha kuti atope!

Koma zimene ndinaona pamaloboti a Malibongwe Drive! Bambo wamkulu ndithu, wa imvi, kabudula wothina, anaima bwinobwino n'kuiwala za chidendene. Anagwa pang'onopang'ono, mwaulemu, njinga ili kumapazi. Wa minibasi anachita kutsitsa galasi kuti aseke bwino.

Ndiye taganizani inu pamchenga wa kwa Mpondasi, kumbuyo kuli mayi ndi dengu la usipa, mbuzi yadumphira mumsewu, mayiwo akukuwa kuti "Nditsika pompano!" Chidendene mudzachikumbukira? Usipawo adzalipira ndani? Nsapatozonso zimagogoda poyenda, musanafike pakhomo la mzikiti aliyense adzakhala atatembenuka kale.

Choncho tizitsulo tija ndachotsa, ndaikamo mapedulo wamba, oponda ndi chilichonse ngakhale phazi lopanda nsapato. Keliyala ilibe, mukawotcheretse kumsika. Matayala ake ndi owonda, muziwauza makasitomala onenepa kuti njinga yabooka.

Transipota anyamuka kumapeto kwa mwezi. Nsapato zija ndaikamonso, mudzavale pa chikondwerero cha Eid.

Moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lawo sindinaiwale.

Ndine mng'ono wanu.