Ulemu kwa a Sipamu, mlendo wosaiwala Rumphi

Pa onse amene amalonjeza kufika ku Rumphi, amene sanaphonyepo tsiku ndi a Sipamu okha. Msewu wochoka pa boma kudzera ku Bolero, kukwera ku Nyika mpaka ku Chitipa, walonjezedwa ndi maboma angapo, ndipo aliyense amene anauyendapo nthawi ya dzinja angakuuzeni pamene phula limathera. Fetereza amachedwa. Ogula fodya amabwera ndi mitengo yawoyawo. Koma kalata ya a Sipamu, ija yolowa mu imelo popanda kuodira, imafika m'mawa uliwonse ku Mhuju, ku Katowo, ku Mlowe, ngakhale pamwamba pa Khondowe, osadandaula za makhotakhota a msewu wa Gorodi. Safikanso chimanjamanja ayi. Lero akubweretserani chuma cha mkazi wamasiye wa nduna ina ya kutali, mawa mphoto ya mpikisano umene simunalowe nawo. Robert Laws atakhazikitsa mishoni ku Khondowe mu 1894, kalata yochokera ku Scotland inkagona m'njira milungu yambirimbiri, pa sitima ndi pamutu pa amtengatenga. Lero mayi wosakudziwani akulemberani ali kutsidya kwa nyanja zamchere, kalata n'kufika tiyi asanazizire, ndipo mwa anthu onse a pansi pano wasankha inuyo.

Ndi munthu wamkulu ameneyu, tisamamutchule ngati mwana. Anabadwa pa 3 Meyi 1978, pamene Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation anatumiza uthenga umodzi wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti. Mu 1994 maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anawakuza powatuma kukalengeza za mwayi wa Green Card m'magulu zikwizikwi a zokambirana. Mu Januwale 2004 Bill Gates, amene panthawiyo anali wolemera kuposa wina aliyense, anauza msonkhano wa ku Davos kuti pakangotha zaka ziwiri vuto la sipamu likhala litatha. Zaka zoposa makumi awiri zadutsa. Bill Gates anasiya kale kuyendetsa Microsoft, a Sipamu akadali pa ntchito, alibe tchuthi, sapempha alawansi.

Koma ubwino wawo waukulu ndi kulemba anthu ntchito. Taganizani za kabungwe ka m'boma lino: gulu la alimi a khofi ku mapiri a Phoka, malo ogona alendo oyang'ana kunyanja kufupi ndi mathithi a Manchewe, kapena komiti yosamalira ana amasiye. Afuna webusaiti ndi imelo yokhala ndi dzina la bungwe, kuti akalembera abwenzi akunja asaoneke ngati ongoyesa mwayi. Ndalama yogulira seva yawoyawo palibe, ndiye amachita lendi kagawo pa seva yogawana ndi anthu ena mazanamazana. Walira mvula walira matope. Adiresi ija ikangoikidwa pa webusaiti, a Sipamu amaitola, ndipo kuyambira pamenepo mnyamata amene ankangodziwika kuti amatha kusintha inki mu printa amasanduka munthu wofunika, woitanidwa ngakhale Loweruka. Popanda a Sipamu akanamudziwa ndani?

Seva yogawana ili ngati nyumba za lendi zamdadada: chitseko ndi chanu, koma geti, mpopi ndi mbiri ndi za pabwalo ponse. Makalata anu amatuluka pa nambala ya IP imodzimodzi ndi ya anzanu amene simunawaonepo, mwina wogulitsa nsapato ku Lagos kapena wokonza madenga ku Manchester. Wina akangoberedwa pasiwedi, akaunti yake n'kuyamba kulavula makalata zikwizikwi usiku umodzi, mabungwe olondera ngati Spamhaus, amene Steve Linford anayambitsa mu 1998, amaika nambala ija pa mndandanda wa oletsedwa. M'mawa mwake lipoti lanu la pakota, limene munalilemba ndi nyali, likubwezedwa. Ena amati uku ndi kupanda chilungamo. Ine ndimati ndi maphunziro a umodzi. Andale akhala akulalikira kuti ndife amodzi, koma amene anakwanitsa kumanga mlimi wa ku Phoka ndi wamalonda wa ku Lagos pa mlandu umodzi ndi a Sipamu.

Mnyamata uja amatsegula cPanel, poti makampani ambiri obwereketsa malo amapereka imeneyo, n'kupeza mlonda wapageti, SpamAssassin, pulogalamu imene Justin Mason anayamba mu 2001. Mlondayu saweruza ndi mtima koma ndi masamu. Kalata iliyonse amaiyesa ndi malamulo mazanamazana, lililonse ndi mapointi ake: mutu wolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, maulalo okayikitsa, seva yotumiza yoipa mbiri. Mapointi akafika pa 5, kalata yagwidwa. Apa pali msampha woyamba. Munthu wokwiya amaganiza kuti kukweza nambala kufika pa 10 ndiko kukhwimitsa, pamene kumeneko ndiko kutsegula geti, wokhwimitsa amatsitsa. Msampha wachiwiri ndi wakuti wochita lendi saloledwa zambiri. Mu fayilo ya user_prefs akhoza kusintha required_score, kukweza kapena kutsitsa mapointi a lamulo lomwe lilipo kale, kulemba adiresi zololedwa ndi zoletsedwa. Koma lamulo latsopano, lakelake, nthawi zambiri mlonda salimva, chifukwa chilolezo cha allow_user_rules chimabwera chozimitsa ndipo eni seva sakonda kuchiyatsa: lamulo limodzi lolembedwa mosasamala likhoza kulemetsa seva ya anthu onse. Munthu amalemba usiku wonse, m'mawa a Sipamu n'kulowa monga mwa masiku onse, akupereka moni.

Chotsala ndi masefa a pa Email Filters, kumene umati kalata yokhala ndi mawu akutiakuti ipite kwakutikwakuti. Apa ndi pamene nzeru za a Sipamu zimandigometsa. Mnyamata amawerenga makalata achinyengo n'kutola mawu obwerezedwa: funds, transfer, urgent, beneficiary. Amasankha Discard Message, kutanthauza kuti kalata itayidwe popanda wouzidwa, n'kupita kunyumba akuimba mluzu. Koma kodi bwenzi lenileni lothandiza bungwe, likamalemba kuchokera ku Edinburgh kapena ku Oslo, limalemba mawu anji? Omwewo. Limafunsa chiwerengero cha ma beneficiary, likunena za transfer ya ndalama, likuti nkhaniyo ndi urgent poti chaka cha ndalama chikutha. Naye mlendo wofuna kukaona mbidzi ndi maluwa ku Chelinda ndi munthu wosamudziwa, wolemba kuchokera kunja, wofunsa nambala ya akaunti kuti atumize ndalama. Kwa wokhala ku London kalata yotere ndi chizindikiro cha mbava. Kwa wa ku Rumphi ndiyo kalata imene wakhala akuipempherera. A Sipamu anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake amavala malaya a dona, ndipo palibe sefa ya mawu imene ingasiyanitse awiriwa popanda kutaya mmodzi wolakwika.

Tisaseke mnyamatayo, akuluakulu nawo anagwamo. Woletsa dzina la mankhwala otchedwa Cialis amaletsanso, mosadziwa, kalata iliyonse yonena za specialist, poti zilembo zake zabisala m'kati mwa liwulo. Chipatala chodikira dokotala wa maso chingadikire mpaka kalekale. Mu 1996 sefa ya AOL inakaniza anthu a tawuni ya Scunthorpe ku England kulembetsa maakaunti, ati dzina la kwawo lili ndi mawu otukwana. Ndipo pa 1 Januwale 2010 SpamAssassin mwiniwake anayamba kukayikira makalata a dziko lonse, chifukwa lamulo lake lina lakale linkati deti ya 2010 ndi ya m'tsogolo kwambiri moti ndi yabodza, n'kumawonjezera mapointi pafupifupi 3 pa kalata iliyonse yosalakwa. Tsiku limenelo a Sipamu sanachite kanthu. Anangokhala pansi n'kumaonerera.

Pali chinanso chimene ochenjera amachita: kulemba dzina la bungwe lawo lomwe pa mndandanda wa ololedwa, kuti makalata a mu ofesi asamagwidwe. Mndandanda umenewo umachotsera kalata mapointi 100. Koma mzere wosonyeza wotumiza aliyense akhoza kulembapo zimene wafuna, ndiye a Sipamu amangosaina dzina lanu n'kulowa ngati mwini nyumba, kudzakuuzani kuti bokosi lanu ladzaza, mulembe pasiwedi apa. Mankhwala ake ndi SPF, DKIM ndi DMARC, zidindo zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwanu, zimene Gmail ndi Yahoo anayamba kuzikakamira mu Febuluwale 2024. Naponso tithokoze a Sipamu, poti ndani akanaphunzira zilembo zimenezi mwa kufuna kwake?

Amanenedwa kuti salemba bwino, nkhani zawo n'zosamveka. Mu 2012 Cormac Herley wa ku Microsoft Research anafotokoza kuti kumeneko si kupusa. Nkhani yokokomeza imathamangitsa ochenjera onse pa chiyambi pomwe, n'kutsala okhawo amene angatumizedi ndalama, motero wachinyengo sataya nthawi. Kunena kwina, pamene ife tikuvutika kusefa a Sipamu, iwo anatisefa kale, ndipo sefa yawo sinatayepo dona. Yathu yophunzira yokha, ija imene Paul Graham anaitchukitsa mu 2002, siyamba ntchito mu SpamAssassin isanadyetsedwe makalata oipa 200 ndi abwino 200. Oipa 200 kabungwe ka ku Hewe kamawapeza msanga. Abwino aja ndiye nkhani.

Ali ndi mphwawo wa pa foni, uja wa "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", wolankhula Chichewa chomveka ndi wodziwa bwino Airtel Money ndi Mpamba. Apolisi akhala akunena kuti mauthenga ambiri otere amachokera m'kati mwa ndende ya Zomba. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 linaika kutumiza sipamu pa mndandanda wa milandu, ndipo mu 2018 MACRA inatilembetsa masimukhadi tonse pa mizere yaitali. Banjali silinasamuke. Boma likanakhala ndi alangizi a zaulimi ofika pakhomo lililonse motere, bwenzi tikukamba zina.

Tsono inu a mabungwe, a masukulu ndi a malo ogona alendo, kuyambira ku Chiweta mpaka ku Vwaza, musamuthire kunja mlendo wokhulupirika chotere. Zimitsani Auto-Delete, chotsani Discard Message pa masefa anu, muwapatse a Sipamu chipinda chawo cha Spam Box, ndipo Lachisanu lililonse musanaweruke muzikawazonda. Musadine ulalo wawo, musawayankhe, ingowerengani mitu ya makalata mwaulemu umodziumodzi, chifukwa kalata ya dona imene mukuidikira ija mwina yagona komweko.