Kalata yochokera ku Joni: chigafa chadzaza

Wokondedwa mphwanga,

Kuno ku Mayfair chisanu cha June chatigwira pakhosi. Ndikugona ndi nsapato, bulangete tikulimbirana ndi mphaka wa mwini nyumba.

Uthenga wako wa mphindi 9 pa WhatsApp ndaumva, moni anali wa masekondi atatu, kwinako madandaulo. Akuti laputopu imene ndinakweza basi pa Park Station ikukana pulogalamu yojambulira mapulani ya AutoCAD, ikuti malo atha, ndiye malume tumizani ina. Ina! Kodi marandi kuno timatola pansi ngati masuku? Ine ndimawotcherera mageti tsiku lonse mpaka maso psuu, ngati ndachokera ku kachasu.

Ndinakafunsa mnyamata amene amatijambulira mapulani a mageti kuntchito. Anaseka mpaka kugwira khoma. Laputopu yakoyo ndi ya 128 GB, AutoCAD imafuna pafupifupi 10 GB basi. Nanga malo enawo wadya ndani? Windows yatengapo gawo lake, inde, koma mbava zenizeni ndikuzidziwa: mafilimu a ku Nigeria ndi vidiyo ya chinkhoswe cha mlongo wako imene unaikopa katatu. Zonsezo zipite pa fulashi.

Tsono tchera khutu, ndiyankhula chifodyafodya poti unabadwira m'chigafa. Pulogalamuyi imafika ngati belo lodindidwa pa jeke. Kompyuta imayamba yalimasula, n'kuyala masamba onse mu foda ya C:\Autodesk, kenako n'kuwapachika pamikangala. Katundu mmodzi wakhala patatu: belo mu Downloads, woyala pansi, ndi wopachika uja. Ukaona kuti AutoCAD yatseguka ndipo ikujambula mzere, fufuta ziwiri zoyambazo. Koma belolo uyambe walikopera pa fulashi, chifukwa ndalama ya bandulo yokalitenganso pa intaneti usadzaifunse kwa ine.

Poika pulogalamu usamangodinda paliponse ngati munthu wofika mochedwa pa phwando. Ukufuna kujambula nyumba ya zipinda zitatu, pulogalamu inanso ya Revit, ya 30 GB, ndi yachiyani? Ngati muli AutoCAD ya chaka china, ichotse kudzera mu Settings, chifukwa yatsopano sithamangitsa yakale, zimangokhalira limodzi ngati mitala. Kufufuta kachithunzi ka pa sikirini n'kuchotsa chikwangwani, golosale ikadali pomwepo.

Ukatero tsegula Disk Cleanup isese zinyalala, pamodzi ndi Windows.old ngati ilipo. Imeneyo yokha imatha kukhalira malo oposa 10 GB ngati mlendo wa pamaliro amene sadziwa kutsanzika. Mafayilo a .bak amene amamera pambali pa pulani iliyonse ngati nthena, uzithena ntchito ikatha. Recycle Bin ukhuthule, apo ayi wangosesera zinyalala kunsi kwa bedi, monga unkachitira uli Sitandade 4.

Foda ya System32 usaikhudze. Mnzanga wa ku Santhe, amene timagona naye chipinda chimodzi, anaiyesa zinyalala. Lero laputopu yake ndi thireyi yodyerapo chipisi.

Anyamata okopa nyimbo pa Kasungu boma asakunamize ndi AutoCAD yakuba. Imabwera ndi mavairasi ochuluka kuposa zinyalala za belo lobwezedwa ku Chinkhoma. Autodesk imapereka chilolezo chaulere cha chaka kwa ophunzira, kafunse kusukulu kwanu. Zikakanika pali LibreCAD, yaulere ndiponso yopepuka ngati mtolo wa udzu.

Uwauze amayi ako kuti za feteleza nditumiza pa Mukuru kumapeto kwa mwezi, asandiyimbire usiku. Pulani yako yoyamba ikhale ya nyumba yanga pa chulu paja, khonde liyang'ane kumsewu kuti anthu azidzaona kuti ndinapita ku Joni. Laputopu ina kulibe.

Ndine malume ako,
wa ku Mayfair