Nkhope ya 2017, mafupa a 2011

Pali umbava wina umene sungakaunene kupolisi. Umagona uli ndi galimoto yabwinobwino, geti lokhoma, galu ali maso. Kukacha matayala onse anayi alipo, batire ilipo, ngakhale jeke sanaikhudze. Koma galimoto ija yakalamba. Chachitika n'chakuti anthu ena ku Japan, amene sanakuonepo n'kamodzi komwe, anasintha maso ndi bampa ya galimoto yofanana ndi yako, ndipo wina wapafupi nawe wakaitenga pa Songwe. Kuyambira tsiku limenelo yako ili ndi dzina latsopano: old shape.

Ine ndili ndi Vitz ya 2011. Musaganize kuti ndinaigula mu 2011, ayi, chaka chimenecho ndinali ndikukangana ndi makondakitala za chenji. Inandipeza itatumikira kale anthu ena ku Japan, n'kutsika sitima ku Dar es Salaam, n'kudya ngongole yanga yonse ya kubanki nkhonde isanafike n'komwe pa Karonga. Komabe itafika, ulemu unafika nayo. Mayi a kunyumba anayamba kuuza anzawo kuti "tibwera pa yathu". Kumaliro ndinayamba kupatsidwa mpando.

Ulemu umenewu unatha pa chinkhoswe cha mphwanga, pamene alamu anga anatulukira ndi Vitz ya 2017. Dzina lomwelo, zitseko zomwezo, denga lomwelo, injini yomweyo ya masilinda atatu imene imapempha chikhululukiro pa chitunda chilichonse. Kungoti yawo ili ndi kukamwa kwakukulu ndi maso otsinzinira mwaukali, ndipo nyali zakumbuyo zinatambalala mpaka kukwera pa chitseko cha buti.

"Alamu, yanuyi ndi old shape eti?" anatero akuisisita pa boneti mwachifundo. "Koma zimalimba zimenezi."

Munthu akakuuza kuti chinthu chako n'cholimba, dziwa kuti wasowa china choyamikira.

Ndiye ndakhala ndikuifufuza nkhaniyi, makamaka pamalo otsukira magalimoto, kumene akatswiri ambiri a zamagalimoto m'dziko muno amapezeka, ena a iwo alibe ndi njinga yomwe. Zimayenda chonchi. Kampani ikatulutsa galimoto yatsopano, imafuna kuti mtundu umenewo ugulitsidwe zaka zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, nthawi zina kuposa. Koma pakatha zaka zitatu kapena zinayi ogula amayamba kuyasamula, makampani ena atulutsa zawo zonyezimira. Kupanga ina kuyambira pansi n'kodula koopsa, chifukwa zitseko, denga ndi mbali za galimoto zimadindidwa ndi zikombole zachitsulo zikuluzikulu, ndipo zikombole zimenezo ziyenera kubweza kaye ndalama zake. Ndiye chitsulo sachikhudza. Amapita pa zimene n'zapulasitiki ndi zomangidwa ndi mabawuti: bampa, girilo, nyali, marimu, nsalu za mipando, wailesi. Azungu amati facelift.

Aliyense amene anakhalapo nyumba ya lendi waizindikira kale nzeruyi. Alandilodi amapaka penti khoma lakutsogolo lokha, loyang'ana kumsewu, n'kusintha chogwirira cha chitseko, kenako n'kubwera ndi kalata yokweza lendi. Denga likudonthabe pamwamba pa bedi pomwe paja.

Woyambitsa chipongwechi amatchulidwa kawirikawiri kuti ndi Alfred Sloan, mkulu wa General Motors ku America m'zaka za m'ma 1920. Henry Ford anali atagulitsa Model T yake kuyambira 1908 osaisintha kwenikweni, poganiza kuti munthu amafuna galimoto yoyenda basi. Sloan anazindikira chimene Ford sanachione: munthu atha kusiya galimoto yoyenda bwinobwino chifukwa cha manyazi okha. Anayamba kusintha maonekedwe chaka ndi chaka, ndipo mu 1927 Ford anasiya kupanga Model T. Sloan anamwalira kalekale, koma ndi amene anandichititsa manyazi pa chinkhoswe.

Vitz ya mtundu wangawu inatuluka ku Japan mu December 2010. Mu 2014 anaipatsa nkhope yachiwiri, mu 2017 yachitatu, ndipo mu 2020 dzina la Vitz linatha ku Japan, n'kulowa Yaris. Kutanthauza kuti ndili m'mbuyo ndi nkhope ziwiri pa galimoto imene eni ake anasiya kuipanga. Alamu anga nawonso ali pa old shape, kungoti palibe wawauza.

Tsono funso lenileni: kodi kusinthaku kumakongoletsa galimoto kapena kumaiipitsa? Ndikuyankha monga munthu amene chithunzi chake cha pa chiphaso cha unzika chinaseketsa ndi wojambula yemwe.

Galimoto yobadwa ndi vuto pankhope imathandizika, izi sindikana. Subaru Impreza ya 2000 inatuluka ndi maso ozungulira, otong'oka, ndipo okonda Subaru anadandaula kwambiri moti mu 2002 kampani inaisintha maso, mu 2005 n'kuisinthanso. Prius ya 2015 inabwera ndi mizere yopita uku ndi uku, nyali zakumbuyo zotsetsereka mpaka kubampa. Mu 2018 a Toyota anaikhazika mtima pansi ndipo inayamba kuoneka ya munthu woti ungam'bwereke ndalama. Apa opanga amakhala akupepesa popanda kunena kuti pepani.

Koma ngakhale pamenepa pali pondikhudza. Ku Italy kunali Fiat Multipla ya 1998, yokhala anthu asanu ndi mmodzi, atatu kutsogolo atatu kumbuyo, yokhala ndi chotupa pansi pa galasi lakutsogolo ndi timaso tina pa chotupapo. Dziko lonse linaiseka. Mu 2004 anaiwongola, chotupa chinachoka, n'kukhala galimoto wamba. Lero imene anthu amaikumbukira ndi kuijambula ndi yonyansa ija. Ife onyansa tili ndi mwayi umenewu, sitiiwalika.

Vuto lili pa galimoto yobadwa bwino. Wojambula woyamba anaiganiza yonse pamodzi, mphuno ikugwirizana ndi chitseko, chitseko chikugwirizana ndi kumbuyo. Patatha zaka zitatu akuitana wina n'kumuuza kuti: isinthe kuti aliyense aone kuti yasintha, koma zitseko usakhudze, denga usakhudze, ndalama ndi izi zochepazi. Munthuyo atani? Amakulitsa kukamwa. Amapinda maso. Amaboola timabowo tabodza m'mbali mwa bampa, tosalowa mpweya, n'kuwaza kachitsulo konyezimira apa ndi apo. Nkhope imathamangira kutsogolo, thupi n'kutsala m'chaka chake.

Akuluakulu nawonso sawasiya. Prado ya 2009 inalibe mlandu ndi munthu. Mu 2013 anaipatsa nyali zotsikira m'masaya, moti galimoto ya mabwana inayamba kuoneka yolira misozi. Mu 2017 anabweranso kudzapukuta misoziyo. Kawiri konse ogula analipira: koyamba kulipirira kuipitsa, kachiwiri kulipirira kukonza. A BMW mu 2019 anakulitsa mphuno ya 7 Series ndi 40 peresenti, ndipo ananena okha poyera mosachita manyazi.

Ndipo mwaona kuti nkhope zatsopano zonse n'zaukali? Probox inabadwa mu 2002 ili yofatsa, ya maso a wantchito amene sayankha bwana, ndipo tonse tikudziwa zimene yanyamula m'dziko muno osadandaula. Mu 2014 anaipatsa nkhope yokwinya. Ikukwiyira ndani? Sienta ya 2003, ya maso ozungulira ija imene yalera mabanja ambiri pa ntchito ya takisi, mu 2011 anaitulutsira mng'ono wake wotchedwa Dice wa maso a makona, kuti amuna asamachite nayo manyazi. Mayina ena amanena zoona.

Umboni wanga waukulu ndi Land Cruiser 70, ija ya maambulansi ndi mabungwe. Inatuluka mu 1984 ndi maso ozungulira. Mu 2007 anaichotsa masowo n'kuika amakono. Mu 2023 anabwezeretsa ozungulira aja, ndipo anthu anawomba m'manja kuti a Toyota abweretsa zatsopano. Ndikangopirira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Vitz yanga idzakhalanso m'fashoni.

Sindinapirire. Madzulo ena pa msewu wa M1 mbuzi inaganiza zowoloka itandiona kale. Mbuziyo inadzuka n'kupitiriza ulendo wake, koma bampa yanga inang'ambika pakati. M'mawa mwake ndinali mumsika wa Ndirande, kumene sipeya aliyense amene anapangidwapo padziko lapansi amapezeka ukadziwa kufunsa.

"Bampa ya Vitz ilipo, bwana," anatero mnyamata wogulitsa. "New shape kapena old shape?"

Pambali panga panaima mayi wina wovala bwino, makiyi a Fortuner ali m'manja, akudikira kuti amupezere galasi. Sanandiyang'ane n'komwe. Koma pakamwa panga panayankha pasanafunse mutu.

"New shape. Ya 2017."

"Eya, mabwana amatero," anatero mnyamata uja, n'kutchula mtengo umene unandiumitsa malovu. Ndinalipira ndikumwetulira. M'mutima ndinali nditayamba kale kuona nkhope ya alamu anga.

Makaniko wanga anaitembenuza bampayo uku ndi uku, n'kuiyeza pagalimoto, n'kuitsitsa, n'kupukuta manja nthawi yaitali.

"Madala, iyi ndi ya galimoto ya ndani?"

"Yangayi. Si Vitz yomweyo?"

"Vitz yomweyo inde, koma maso ndi osiyana. Kuti ilowe mugule nyali zonse ziwiri za new shape, girilo, ndi timabulaketi take. Muli nazo zingati?"

Apa m'pamene facelift imatipeza ife. Ku Japan imafika ngati chithunzi chokongola m'kabuku ka ogulitsa. Kuno imafika patatha zaka khumi, ili funso la pa kauntala ya masipeya, ndipo ukayankha molakwa ndalama sabweza. Nyali yakale babu ikapsa umasintha m'mbali mwa msewu, ndi chenji cha mafuta. Nyali zambiri za LED zikafa umagula yonse yathunthu. Nditafunsa mtengo wa ziwiri, ndinapeza kuti ndi fizi ya mwana ya temu.

Tinagwirizana zomanga ndi waya. Makaniko anaboola apa, n'kudula apo, n'kutenthetsa pulasitiki pa mbaula kuti ipindike. Zotsatira zake n'zakuti pansi pali kukamwa kwaukali kwa 2017, pamwamba pali maso ofatsa a 2011, ndipo pakati pake pali mpata wolowa zala zitatu, umene umaimba mluzu ndikangopitirira 60. Pa hampu iliyonse mlomo wapansi umapsompsona phula.

Mayi a kunyumba anatuluka, n'kuizungulira kamodzi, manja ali m'chiuno.

"Bambo a ana, galimotoyi ikuseka kapena ikulira?"

"Ndi new shape, mayi."

"Kutsogolo kokha?"

Kuyambira pamenepo amandipempha kuti ndiziwatsitsa patali pang'ono ndi tchalitchi, akuti madokotala amalimbikitsa kuyenda pansi.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti sindili ndekha, kungoti anzanga ali ndi ndalama. Pali zida zathunthu zogulitsidwa zosinthira Prado ya 2010 kuti ioneke ya 2018: boneti, nyali, bampa, zonse m'katoni imodzi. Mukaiona ikulowa pa ukwati mumasuntha mipando. Koma suzumirani mkati muone dashibodi, kapena pemphani blue book. Kusiyana kwa bwana ameneyo ndi ine ndi waya basi.

Ndisawanamizire opangawo, nthawi zina pansi pa nkhope yatsopano amabisapo zinthu zenizeni. Zofooka zimene oyamba kugula anadandaula nazo amazikonza mwakachetechete, ndipo Vitz ya 2017 ndi imene inabwera ndi mtundu wa hybrid, umene pa mzere wa mafuta umaoneka wokongola kuposa galimoto ina iliyonse. Ya alamu anga si hybrid. Ndinasuzumira kumbuyo ndekha, iwo atalowa m'nyumba kukadya, ndipo usiku umenewo ndinagona tulo tabwino.

Chigamulo changa ndi ichi, ndipo apilo kulibe: facelift imakonza galimoto imene opanga ake anachita nayo manyazi, n'kuwononga imene anainyadira. Zonyadiridwazo ndiye zambiri, n'chifukwa chake misewu yadzaza ndi timagalimoto ta 1000cc tokwiya popanda chifukwa. Vitz ya 2011 inali ya nkhope yabwino, ndipo ndikunena izi popanda kukondera kulikonse.

Inu amene muli ndi Vitz ya 2017 ndipo mbuzi yakuyenderani, musavutike kupita ku Ndirande. Bampa ndili nayo, yobooledwa pang'ono, yopindika mbali imodzi. Tisinthane ndi ya old shape, waya ndikupatsani ulere.